Desiki Lokonda Manachesi

Kompyuta yakale ya mu situdiyo ya a Bong Dukhwan inafa chisanu chitangoyamba kuluma, ndipo palibe amene anailira kupatula Pyo Yeonsil, wosakaniza nyimbo wa pamenepo. A Bong anagula ina, yaing'ono ngati kabokosi ka chakudya chamasana, yosapanga phokoso n'komwe. Yatsopanoyo inakana pulogalamu yakale yojambulira nyimbo, inafuna ya chaka chino. Anasamutsa zonse bwinobwino, palibe nyimbo imene inatayika. Koma kuyambira tsiku limenelo desiki linayamba mwano.

Desikilo silinali mikisa yeniyeni yosakanizira nyimbo, yoti mawu azidutsamo ayi. Linali manja chabe a kompyuta: chitsulo chotambalala chokhala ndi timabatani totsetsereka, tomwe anthu a ntchitoyi amati mafeda, kalikonse kali ndi kamota kake m'kati. Ukakankhira kabatani kutsogolo, mawu a choimbira amakwera. Ukakakokera kwa iwe, amatsika. Pulogalamu imasunga kayendedwe ka dzanja lako, ndipo ukabwereza nyimboyo timabatanito timayenda tokha, kutsata ndendende momwe dzanja linadutsa. Yeonsil anali atagwira nalo ntchito zaka zambiri m'chipinda chapansi cha situdiyoyo, ku Mapo mu mzinda wa Seoul, ndipo ankalidziwa ngati momwe munthu amadziwira masitepe a pakhomo pake magetsi atazima.

Tsopano akakankha kabatani, nako kankamukankha. Ankakakweza, iko n'kunjenjemera pansi pa chala, n'kubwerera pomwe kanali ngati mwana wokana kusamba. Pa sikirini mzere wosonyeza kayendedwe ka dzanja unkangokhala chigonere, ngati palibe wagwira kanthu. Chopweteka kwambiri chinali chakuti nthawi zina kankamvera. Kankamvera kanthawi, iye n'kuyamba kukhulupirira kuti zatheka, kenako pakatikati pa ndime n'kumupulumuka m'manja.

Ntchito imene inali pa desikipo sinali yoti n'kuseweretsa. Aphunzitsi Gil Jeomrye, amene anaphunzitsa Yeonsil kuimba gayagumu, choimbira cha nsambo za silika, kuyambira ali kamtsikana, anali atajambula chimbale chawo chomaliza. Anachita kunena okha kuti n'chomaliza, poti zala zinali zitayamba kuwakana. Pa gayagumu dzanja lamanja limakodola nsambo, koma nyimbo yeniyeni ili kumanzere: mawu akayamba kuzilala, dzanja lamanzere limadinikiza nsamboyo, kuigwedeza, kuipinda, mpaka mawu atheretu. Michira ya mawu imeneyo ndiyo inatchukitsa Aphunzitsi Gil. Koma ukalamba unali utachepetsa mphamvu ya dzanja lamanja, moti michirayo inkazimirira msanga isananene zonse. Inalimo m'zojambulidwazo, koma pansipansi. Pankafunika munthu woti azikweza kabatani pang'onopang'ono pamene mawu akufa, n'kukatsitsa nsambo ina isanalire, ndipo azichita zimenezo akupuma limodzi ndi woimbayo.

Aphunzitsi anali atanena mosapita m'mbali kuti ntchito imeneyo ndi ya Yeonsil. Akatswiri osakaniza nyimbo analipo ambiri mu Seoul, koma iwo ankafuna munthu woimbanso gayagumu, wodziwa komwe nsambo ikupita isanapiteko. Chimbalecho chinkayenera kutuluka isanafike konsati yawo yotsanzikira, momwe Yeonsil yemweyo ankayenera kukhala pambali pawo ndi gayagumu yachiwiri.

A Bong anali munthu wamkulu thupi, woseka msanga. Anamutsogolera Yeonsil kukoleji, n'chifukwa chake iye ankawatchula kuti achimwene ngakhale situdiyo inali yawo. Mtima wawo wonse unali pa zipangizo. M'chipinda chosakanizira nyimbo simunkalowa chakudya, khofi, ngakhale madzi akumwa, ndipo chibwerere kompyuta yatsopano anawonjezera lamulo lina: munthu asanakhudze desiki asambe m'manja ndi sopo, apukute mpaka muume, apakenso mankhwala ophera tizilombo aja onunkha ngati mowa wa soju. Yeonsil ankatsatira zonsezo mokhulupirika.

Atawadandaulira, a Bong anabwera, nakhala pampando wake, naika chala pa kabatani ka gayagumu. Kanatsetsereka ngati kamwa mafuta.

"Taona," anatero a Bong. "Chavuta n'chiyani apa?"

Yeonsil anakhala, nakankha kabatani komweko. Kanakana.

"Ukukanikiza kwambiri, ukulimbana ndi kamota. Gwira ngati ukugwira tofu, chakudya chosachedwa kuphwanyika chija."

"Ndakhala ndikugwira chonchi chigulireni desikili, achimwene."

"Ndiye ukuti chiyani? Desiki lili ndi tsankho? Likudana ndi anthu a kwanu ku Jinju?"

"Ndikuti lili ndi chifukwa. Chitsulo sichichita mwano popanda chifukwa."

A Bong anaseka, n'kunena kuti chifukwacho akuchidziwa: desiki silikudana naye, iyeyo ndiye akudana ndi pulogalamu yatsopano, ndipo dzanja limatsata mtima. Komabe, poti anali munthu wachilungamo, anaitana Tak Minjae wa kusitolo komwe anagula desikilo. Tak anabwera masana ena Yeonsil ali kokonzekera konsati. Anasintha mawaya, anaika kapulogalamu katsopano m'kati mwa desiki momwemo, anaonetsetsa kuti desiki ndi kompyuta zikulankhulana m'chinenero chimodzi cha makina, poti desikilo linkadziwa zingapo. Kenako anayesa kabatani kalikonse ndi chala chake, konse n'kumvera. Anachoka atanena kuti awiriwo akugwirizana ngati mpunga ndi ndiwo ya kimchi.

Yeonsil atamva zimenezo sanakwiye. Sankakayika za Tak, ndipo sankakayika za manja ake. Ngati zonse ziwiri zili zoona, ankatero mumtima, ndiye kuti pali chachitatu chimene palibe wachiona. Anayamba kuchisaka. Anaona kuti timabatani takumapeto kwenikweni, tomwe ankachita kutifikira motambasula dzanja pokonza mawu a ng'oma yoperekeza, sitinkavuta. Ovuta anali apakati. Choncho anasamutsira gayagumu ya Aphunzitsi ku kabatani kakumapeto, nasendeza mpando wake kuti akhale moyang'anizana nako. Nako kanayamba kukana. Mwanowo unkamutsata iye, osati malo.

Sabata ili mkati a Bong anamuitanira panja, pa masitepe okwera kupita kumsewu, pomwe ankakonda kukambira nkhani zosakoma. Nkhope yawo inalibe nthabwala. A kampani yotulutsa chimbale anali atayamba kuimba foni tsiku ndi tsiku. Sabata ikatha ntchito isanaoneke mutu wake, panali njira ziwiri: Yeonsil ajambule mizere ya mawu pa sikirini ndi mausi ya kompyuta monga amachitira aliyense masiku ano, kapena ntchitoyo ipite kwa mnzawo wina wa ku Gangnam, katswiri wa mausi amene sanagwirepo kabatani chibadwire. Aphunzitsi akawauza okha, anatero, ngakhale akawatukwane.

"Ndimaliza ine," anatero Yeonsil. "Pa desiki."

"Uli ndi liuma ngati aphunzitsi ako."

"Ndiwo anandiphunzitsa."

Komabe sanafune kukana chinthu asanachiyese, choncho tsiku lotsatira analipereka lonse kwa mausi. Anajambula mizere mosamala, kadontho ndi kadontho, mchira uliwonse paokha. Pa sikirini zinkaoneka zokongola ngati mapiri a pa chithunzi. Atamvetsera, anamva ngati munthu wina waima pambali pa Aphunzitsi akupotokola wailesi. Mawu ankakwera pamalo pake, koma sankapuma. Diso linkadziwa pomwe mchira wayambira ndi pomwe wathera, koma zapakatipo zinkadziwika ndi dzanja lokha, dzanja lomwe linadinikizapo nsambo yomweyo kambirimbiri. Anafufuta zonse.

Mawa lake masana, chipale chofewa chikugwa mwaulesi, Aphunzitsi Gil anatsika masitepe a situdiyo osauza munthu kuti akubwera. Anali kankhalamba kakafupi, kovala chikhotho chofika m'mapazi, ndodo ku dzanja lina, thumba la pulasitiki ku dzanja linalo. A Bong anathamanga kukawalandira, kuweramitsa mutu mpaka kutsala pang'ono kugunda khoma. Aphunzitsi ananena kuti amva mphekesera zoti chimbale chawo chikufuna kukwatiwa ku Gangnam, ndiye abwera kudzaona mkamwiniyo. A Bong anayamba kufotokoza za pulogalamu yatsopano, koma iwo anali atalowa kale m'chipinda chosakanizira nyimbo, thumba lili m'manja.

Munali manachesi a ku Jeju.

A Bong anayang'ana thumbalo, nayang'ana desiki, nayang'ananso thumbalo. Pakhoma panali chikwangwani chawo choletsa chakudya, cha zilembo zikuluzikulu. Koma ndani angauze munthu wa msinkhu umenewo, mphunzitsi wa aphunzitsi, kuti atulutse manachesi ake? Anangopita kukatenga nyuzipepala yakale, naiyala pa katebulo kapambali, nakakankhira kutali ndi desiki momwe akanathera. Aphunzitsi anakakoka ndi ndodo kubwerera pafupi.

Anakana sofa, nafuna mpando pambali pa Yeonsil. Anatulutsa nachesi, nalitembenuza m'manja, kenako anamupatsira.

"Senda iwe. Zala zangazi zinapuma pa ntchito."

Yeonsil analandira ndi manja awiri, nasenda. Linali nachesi la khungu lopyapyala, lomata, lomwe madzi ake amathamangira m'zikhadabo. Anagawa timagawo, napereka kwa Aphunzitsi, iwo n'kumubwezera theka kuti adye. Fungo linadzaza chipinda chonse. A Bong anaima pakhomo atapinda manja, nkhope ili ngati munthu woonerera nyumba yake ikudontha.

Aphunzitsi anati akufuna kumva ndime yoyamba, yapang'onopang'ono ija. Yeonsil ananyamuka kuti akasambe m'manja.

"Khala pansi. Ndilibe zaka zodikira sopo wako."

Anakhala. Anapukuta zala pa thalauza mwachisawawa, nayambitsa nyimbo. Sanali ndi cholinga chogwira desiki, ankangofuna kuti Aphunzitsi amve momwe zinajambulidwira. Koma nsambo yoyamba italira, mchira wake n'kuyamba kumira, dzanja linapita lokha pa kabatani monga linazolowera. Kabatani kanapita. Kanapita mofatsa, mopanda kunjenjemera, ndipo kugwedezeka kwa nsambo kumene kanali kobisika kunatuluka poyera, kukwera, kupindika, n'kugwa. Pa sikirini mzere unadzuka n'kuyamba kutsata dzanja. Yeonsil sanayang'ane munthu. Anatsitsa, nsambo ina inalira, anakwezanso. Anayenda choncho mpaka pakati pa ndime, ndipo pamenepo kabatani kanayambanso kugwedera, kukana, n'kuthawira pomwe kanali.

Anaimitsa nyimbo. 

"Mwaona?" anatero a Bong motsitsa mawu. "Ndi momwe zimachitira, Aphunzitsi. Lero inde, mawa ayi."

Yeonsil anali akuyang'ana zala zake. Zinali zitauma. Anatambasula dzanja, natenga nachesi lina m'thumba, nalisenda pang'ono chabe, madzi ake n'kumunyowetsa nsonga za zala. Anabwezera nyimbo mmbuyo, nagwira kabatani. Kanamvera.

"Yeonsil," anatero a Bong. "Ukupaka shuga pa desiki langa."

"Pepani achimwene, dikirani kaye."

Anapukuta chala ndi mpango mpaka chinauma gwa. Kabatani kanakana. Anapinda chalacho, nakankha ndi mfundo yake, pomwe khungu ndi lofewa. Kanamvera. Anayesa ndi chala chaching'ono chakumapeto, chomwe pa gayagumu chimangotsamira pa thabwa osakhudza nsambo. Kanamvera. Apa anakumbukira timabatani takumapeto tija: ankatifikira ndi chala chaching'onocho, ndipo atasendeza mpando anayamba kutigwira ndi chala chamkombaphala. Anatembenuza dzanja, naona chimene ankachiona tsiku lililonse osachiganizira. Nsonga za zala zake zoimbira zinali zolimba ngati nyanga, zachikasu, zosalala, khungu lomwe nsambo za silika zinakhala zikuliumba kuyambira ali mwana. Pokonzekera konsati linali litakhuthala kuposa kale, ndipo chisanu, moto wotenthetsa chipinda ndi mankhwala a a Bong zinali zitalimaliza kuliumitsa.

"Aphunzitsi, ndibwerekeni chala."

Aphunzitsi anamuyang'ana cham'mbali, koma anapereka. Yeonsil anachipukuta bwinobwino, nachiika pa kabatani, nachikankha. Kabatani sikananjenjemere n'komwe, kanangobwerera nthawi yomweyo ngati kagundidwa ndi pensulo.

"Nanenso sikakundidziwa," anatero Aphunzitsi, naloza a Bong. "Nanga uyu kamamumvera?"

"Kamawamvera nthawi zonse."

"Bwera kuno iwe. Ndione manja."

A Bong anabwera, natambasula manja awo akuluakulu, ofewa, oyera ngati mtanda wa buledi. Aphunzitsi anawatsina pa nsonga ya chala.

"Ndaona. Makina ako amakonda anthu osagwira ntchito."

A Bong anaseka mpaka kugwira khoma, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene mtolo wamutsika pamutu. Nthawi yomweyo anaimbira Tak, naika foni poti onse amve. Yeonsil anafotokoza zimene wayesa, chimodzi ndi chimodzi. Tak anafunsa ngati Yeonsil amaimba choimbira cha nsambo. Atamva yankho anausa moyo, napepesa kuti sanafunse zimenezo poyamba. Anali atayesa desiki, osayesa wogwiritsa ntchito desikilo. Anafotokoza kuti pamwamba pa kabatani kalikonse pali chitsulo chomwe chimamva khungu la munthu, ndipo chikamva chimauza kompyuta kuti chala chafika, kamota kasiye kulimbana. Pulogalamu yakale inali yosasamala: ikangoona kabatani kayenda, inkadziwa kuti pali munthu. Yatsopanoyi ndi yamwambo, imadikira uthenga wa chala kaye, ndipo popanda uthengawo imaona ngati kabatani kasochera, n'kukabweza. Khungu lolimba ndi louma chitsulocho sichilimva.

A Bong anafunsa ngati pali poti n'kusintha kuti pulogalamuyo ileke mwambo wakewo. Tak anati palibe. Alembera eni ake, ndipo mwina adzakonza, koma chisanu chidzakhala chitatha. Pakadali pano, anatero, chala chizikhala chonyowa pang'ono. Madzi wamba, anawonjezera, osati manachesi.

Foni itadulidwa a Bong anayamba kuyendayenda m'chipindamo, nzeru zikubwera mothamangitsana. Anati agula makina otulutsa nthunzi. Anati mankhwala aja awataya. Kenako anaima, maso akuwala, nanena kuti njira yachidule ilipo: Yeonsil apite kunyumba yosambira ya kuseri kwa msewu, akaviike manja m'madzi otentha, akapale khungulo ndi mwala ngati momwe anthu amapalira zidendene. Pofika mawa desiki lidzamudziwa ngati mwana wake.

Yeonsil anabisa manja m'khwapa osadziwa n'komwe.

"Ndikapala, pa konsati ndikaimba ndi chiyani? Magazi?"

"Limameranso."

"Limamera, koma osati ngati ndevu zanu, achimwene."

Aphunzitsi sanakweze mawu. Anangonena kuti khungu limenelo analiyamba ndi iwo, mwanayo akulira, zala zikutuluka matuza, iwo akumuuza kuti apitirize. Ngati a Bong akufuna kupala kanthu, apale chikwangwani chawo pakhoma. A Bong anaweramitsa mutu, natuluka. Patapita kanthawi anabwera ndi kansalu konyowa kochokera kumalo odyera a pamwamba pawo, ka mtundu uja amapatsa alendo asanadye, katapindidwa bwino pa kambale. Anatenganso thonje, napukuta kabatani ka gayagumu mosamala ngati akutsuka bala, kenako anaika kambaleko pambali pa desiki ndi manja awo omwe.

Yeonsil anaganiza zogwiritsa ntchito chala chaching'ono, poti chinkamveka popanda madzi. Anayesa ndime imodzi, n'kuleka. Chinali chala chosaphunzira, chinkalumpha pomwe pankafunika kukwawa. Ntchitoyi inkafuna chala chomwe chimadziwa nsambo. Choncho anagunditsa chamkombaphala pa kansalu, nayambitsa nyimbo.

Vuto linaoneka msanga. Ndime yoyamba ndi yaitali, ndipo chala chinkauma isanathe. Kuti achinyowetse ankayenera kuchotsa dzanja, ndipo malo okhawo oti n'kuchotsa anali pamene nsambo yangokodoledwa kumene, mawu adakali amphamvu, kanthawi kochepa ngati kuphethira. Kambale kanali patali. Ulendo woyamba anachedwa kubwerera, mchira n'kumuthawa. Ulendo wachiwiri anafulumira, chala n'kubwera chouma.

Aphunzitsi anatenga kansaluko pa kambale, nasendeza mpando wawo mpaka mapewa awo anagundana ndi a Yeonsil, nakagwira m'mwamba pafupi ndi kabatani.

"Aphunzitsi, musavutike," anatero a Bong atadzidzimuka. "Ndigwira ine."

"Iwe ukudziwa pomwe nyimboyi imapuma?"

A Bong anabwerera pakhomo.

Anayambanso. Tsopano Yeonsil sankafunika kusaka kansalu. Nsambo ikangolira mwamphamvu, kansalu kankakhala katafika kale pansi pa chala chake, n'kuchokanso, poti wokagwirayo ndiye anaimba nyimboyo ndipo ankadziwa mpata uliwonse usanafike. Yeonsil anatseka maso. Sikirini inalibenso ntchito. Ankamva dzanja lamanzere la Aphunzitsi likutsika pa nsambo, ndipo lake linkakwera kukakumana nalo. Pena ankakweza msanga, pena ankadikira mpaka mawu atatsala pang'ono kutayika, n'kuwanyamula. Kamota kanali phee pansi pa chala chake ngati kagona. Anafika pa mawu omaliza a ndimeyo, nsambo yaikulu yapansi yomwe Aphunzitsi anaigwedeza nthawi yaitali mpaka kuisiya ife yokha, ndipo anaikweza yonse, kugwedeza kulikonse n'kumveka bwinobwino mpaka kumapeto.

Anatsegula maso. Anadziwa kuti wachita bwino, sankafunika womuuza. Anabwezera nyimbo poyambira, nachotsa manja, ndipo atatuwo anaonerera kabatani kakuyenda kokha, kukwera ndi kutsika ngati chifuwa cha munthu wogona. A Bong anali atasiya kupinda manja.

Itatha, Aphunzitsi anatafuna kagawo ka nachesi.

"Konseko wachita bwino," anatero. "Koma kumapetoko wandinamizira."

"Zonsezo munaimba ndinu, Aphunzitsi. Sindinawonjezepo kanthu."

"Ndinaimba, inde. Koma mphamvu imeneyo ndilibe. Ukufuna anthu aziti chimbale chomaliza anaimba ndi mtsikana?"

Yeonsil sanagonje msanga. Ananena mwaulemu kuti kugwedeza komaliza kuja ndi kokoma kuposa konse m'ndimemo, ndipo kukasiyidwa pansi, womvera ali m'sitima kapena m'khitchini sadzakumva. Aphunzitsi anati wa m'sitimayo adzamve akafika kwawo. Kwina konse amunyamule, avomera, koma pamapeto penipenipo asiye munthu asendere yekha pafupi.

Yeonsil analingalira. Kenako anabwezera nyimbo pa nsambo yomaliza, nagunditsa chala pa kansalu. Anaikweza monga poyamba, mpaka pakati pa mchira, pomwe kugwedeza kumayamba kuchepa. Pamenepo anaima. Sanatsitse, sanakwezenso, anangosiya chala chili pa kabatani, mawu n'kumapita okha, kuchepa, kuchepa, mpaka onse atatu anapezeka ataweramira kutsogolo osadziwa pomwe nsambo yathera ndi pomwe chete wayambira.

Aphunzitsi anapinda kansalu kaja, nakabwezera pa kambale.

"Uuze wa ku Gangnam uja asunge mausi wake," anauza a Bong. Kenako anatembenukira kwa Yeonsil. "Ndime yachiwiri. Ndisendere lina kaye."

A Bong anayang'ana desiki. Anatenga thumba lija, nasankha nachesi lalikulu, nayamba kusenda okha ndi zala zawo zofewa, ataima patali ndithu pafupi ndi khomo.